Rauta ikuyaka, Wi-Fi ikugwira, koma mapoti onse asanu ali zii (switch ya RTL8367S)

Mwale_Kapata · Lolemba, 19:42

Mwachoma bwanji akuluakulu nonse. Ine ndi uja wa kashopu ka fotokope ndi Wi-Fi kufupi ndi msika wa Kapata ku Chipata. Mwezi watha mlamu wanga ananditumizira marauta akale asanu ndi atatu kuchokera ku Lusaka, ofesi ina inkawataya. Onse ndi amtundu umodzi, mapoti asanu kumbuyo, a gigabit. Pulogalamu imene anabwera nayo ndi yakalekale, ndipo ilibe njira yolekanitsira anthu ogula Wi-Fi ndi kompyuta yanga ya pakauntala. Pa kompyutayo ndi pamene pamakhala ma NRC (ziphaso za unzika) a anthu, masetifiketi, makalata ofunsira ntchito, zonse zimene amabwera kudzasindikiza. Tsiku lina mnyamata wina wa sukulu anandionetsa foda yanga ya zosikana pa foni yake, atakhala pabenchi panja. Sanachite choipa, anangondiuza. Koma usiku umenewo tulo sitinabwere.

Ndiye ndatsegula imodzi. M'kati muli purosesa ya MT7620A, fulashi ya 16 MB, RAM ya 64 MB, ndi chip china chachikulu pafupi ndi mapoti, chokhala ndi kachithunzi ka nkhanu, cholembedwa RTL8367S. Rautayi palibe pa mndandanda wa OpenWrt, Linux ya marauta imene ndikufuna kuikamo. Ndinatenga image ya initramfs (yongoyenda mu RAM osalemba pa fulashi) ya rauta ina ya MT7620A n'kuilowetsa mu RAM ndi TFTP kudzera pa kebulo. Yayaka, Wi-Fi ndikuiona pa foni, koma ndikalumikiza kebulo pa poti iliyonse palibe chimene chikudutsa. Kodi ndiye kuti ndiyenera kulemba ndekha driver, code yoyendetsa chip chimenechi? Chilankhulo cha C ndimachidziwa pang'ono chabe.

JereMafoni · Lolemba, 19:58

Mwale, usanapite patali, wakopera kale fulashi yonse? Makamaka gawo lija lotchedwa factory. M'menemo ndi mmene muli MAC address ndi manambala osinthira mphamvu ya Wi-Fi a bodi imeneyo yokha. Ukalifufuta, Wi-Fi yake imakhala yofooka mpaka kalekale. Ubwere nayo mawa ku tebulo langa, ndili ndi CH341A, kachipangizo kowerengera fulashi, ndi kapanira kake, tiwerenge chip chonse kawiri tione ngati mafayilo awiriwo akufanana. Yanga ndinaikonza kuti izitulutsa 3.3V, chifukwa zambiri zakuda zija zimatumiza 5V pa mawaya a data.

Ndipo pa serial, polumikizira laputopu kuti uziona zimene rauta ikulemba, wawotcherera mapini kapena ukungogwira ndi dzanja?

Mwale_Kapata · Lolemba, 20:05

Ndikungopanikiza mawaya atatu ndi chala, achimwene, GND, TX ndi RX. Wa VCC sindinaukhudze. Liwiro ndi 57600. Fulashi sindinakopere, koma sindinalembemo kanthu, ndikusankha 1, yongolowetsa mu RAM, pa menyu ya U-Boot (pulogalamu yoyatsira rauta) nthawi zonse. Mawa ndifika musanatsegule.

NaPhiri · Lolemba, 21:17

Achimwene a Mwale, mwachita bwino kusankha 1. Ndipo m'mawu anu omwewo muli kale nkhani yabwino imene simunaione: image ija inalowa ndi TFTP kudzera pa kebulo, eti? Ndiye kuti switch ndi yamoyo, mapoti ndi amoyo, ndipo U-Boot imadziwa kuyankhula nayo. Amene sakuidziwa ndi Linux yekha.

Ndifotokoze mmene bodi yanu yakhalira. MT7620A ili ndi switch yakeyake m'kati, koma mapoti ake ndi a 100 Mbps. Opanga atafuna gigabit anaika chip cha Realtek kunja, ndipo mapoti asanu amene mukuona kumbuyowo onse amathera pa chip chimenecho, osati pa purosesa. Pakati pa awiriwa pali njira ziwiri. Yoyamba ndi msewu waukulu wodutsa mapaketi, umatchedwa RGMII. Yachiwiri ndi kanjira ka mawaya awiri okha, MDC ndi MDIO, kamene purosesa imalamulira nako switch: tsegula poti iyi, tseka iyo, ika VLAN (netiweki yolekanitsidwa ndi inzake) apa. Image imene munabwerekayo inalembedwa poganizira bodi ina, choncho palibe amene akugogoda pa kanjira kachiwiriko.

Driver simulemba kuyambira pansi. Mu kernel ya Linux muli kale rtl8365mb, mu drivers/net/dsa/realtek, ndipo ngakhale dzina lake likunena chip china, RTL8367S imaidziwa. Chimene chikusowa ndi device tree ya bodi yanu, fayilo ya .dts youza kernel kuti switch ili pati, yalumikizidwa bwanji, ndipo poti iliyonse dzina lake ndani.

Aphunzitsi_Tembo · Lolemba, 22:03

Mayi Phiri anena zoona pa za mawaya, koma pa njira yoti mnyamatayu atsate ine ndisiyana nawo. Njira zoyendetsera switch zilipo ziwiri, ndipo iwo akumutengera ku DSA. Ine ndikuti apite ku swconfig.

Chifukwa changa ndi ichi. Gulu lonse la mt7620 mu OpenWrt likuyendabe ndi swconfig. Muli driver yotchedwa rtl8367b, ndipo mu 24.10 muli kale rauta ya MT7620A ndi RTL8367S imene ikugwira ntchito, TP-Link Archer C5 v4. Mwale atsegule .dts ya rauta imeneyo, akopere, asinthe magawo a fulashi, ma LED ndi mabatani kuti zigwirizane ndi bodi yake, basi. Pofika Lachisanu makasitomala ali pa VLAN yawo, kompyuta ya pakauntala ili pa yake. Ma NRC a anthu ali pambalambanda lero, osati chaka chamawa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Ine ndinayamba zinthuzi ndi WRT54G ya buluu ija, imene Linksys anakakamizika kutulutsa code yake mu 2003 chifukwa cha laisensi ya GPL, OpenWrt n'kubadwa chaka chotsatira. Kuno ku Katete chipinda chathu cha makompyuta chayenda zaka zambiri ndi swconfig, sindinaonepo vuto.

Sakala_Petauke · Lachiwiri, 06:31

Pepani akuluakulu, ine ndine wongoyamba. Ndimayang'anira Wi-Fi ya pa loji ina kuno ku Petauke. Rauta yathu ina imaonetsa eth0.1 ndi eth0.2, ina imaonetsa lan1, lan2, lan3, wan. Kodi kusiyana kumeneku ndi kumene mukukanganaku?

NaPhiri · Lachiwiri, 07:20

Ndi komweko, a Sakala, ndipo funso lanu latithandiza.

Ganizirani chigayo chokhala ndi khomo limodzi. Amayi asanu abweretsa chimanga, matumba onse akulowera khomo lomwelo. Kuti ufa ubwerere kwa mwini wake, thumba lililonse liyenera kukhala ndi chizindikiro. Purosesa ndiye chigayo, RGMII ndiye khomo, mapoti asanu ndiwo amayi aja.

Mu swconfig, Linux amaona khomo lokha, eth0. Sadziwa kuti kunja kuli mapoti asanu. Kuti musiyanitse WAN ndi LAN mumabwereka chizindikiro cha VLAN, ma byte 4 a 802.1Q, n'kunena kuti nambala 1 ndi LAN, nambala 2 ndi WAN. Ndiye eth0.1 ndi eth0.2 yanu ija. Switch yeniyeniyo mumailamulira ndi pulogalamu yapadera imene inachokera ku OpenWrt.

Mu DSA, switch imalemba chizindikiro chakechake pa paketi iliyonse yopita ku purosesa, kunena kuti iyi yalowera pa poti 3. Kernel imawerenga chizindikirocho, kuchichotsa, n'kupereka paketi ku lan3 ngati kuti lan3 ndi khadi la netiweki palokha. Pobwerera imachitanso chimodzimodzi. Opanga aliyense ali ndi kalembedwe kake: cha MediaTek pa MT7530 ndi ma byte 4, cha Qualcomm pa qca8k ndi ma byte 2, cha Realtek cha banja ili ndi ma byte 8. Ubwino wake ndi wakuti ip, bridge, ethtool ndi tcpdump zimagwira pa poti iliyonse monga pa kompyuta ina iliyonse ya Linux. Kebulo ikazuka pa lan2 mumaona pomwepo kuti ndi lan2.

Aphunzitsi, ndikulemekeza zaka zanu pa ntchitoyi, ndipo sindikutsutsa kuti swconfig imagwira. Koma sinalandiridwe mu kernel yeniyeni. Nthawi iliyonse OpenWrt ikasamukira ku kernel yatsopano, pamafunika munthu wonyamula ma driver amenewo pamutu kuwaolotsa. DSA ili mu kernel kuyambira 2008, inayambira pa ma switch a Marvell. OpenWrt inayamba kusamuka mu 21.02, mt7621 ndi mvebu zinapita nthawi imeneyo, ipq40xx inatsatira mu 23.05. Tsiku lina wonyamula uja adzatopa. Ndipo marauta amene adzasiyidwe tsiku limenelo ndi ati? Ndi awa amene amafika kwathu kuno atatha ntchito kwina. Ku Ulaya munthu amangogula ina. Kwathu ku Chadiza rauta imodzi imasamalidwa ngati njinga.

Aphunzitsi_Tembo · Lachiwiri, 12:48

Mayi, mfundo ya mawa ndaimva ndipo ndi yolemera. Koma muuzeni mnyamatayu zonse. Tsegulani rtl8365mb.c ya mu kernel 6.6 imene 24.10 ikugwiritsa ntchito, muyang'ane pa dsa_switch_ops. Muona port_bridge_join? Muona port_vlan_add? Mulibe. Tanthauzo lake, kompyuta ya pa lan1 ikamatumiza fayilo ku printa ya pa lan2, paketi iliyonse ikwera kupita ku purosesa n'kutsikanso. Purosesa yake ndi MIPS ya 580 MHz, mutu umodzi. Chip cha Realtek chimene chinapangidwira ntchito imeneyi chingokhala manja lende. Ndi swconfig mapaketi amenewo sachoka n'komwe mu switch.

NaPhiri · Lachiwiri, 13:30

Zimenezo ndi zoona, Aphunzitsi, ndipo ndinayenera kuzinena ndekha. Driver ikapanda ntchito zimenezo, DSA imasiya mapoti olekanitsidwa n'kulola bridge ya mu kernel kuchita zonse. Zimagwira molondola, koma pang'onopang'ono.

Komatu apo ndi pamene pali ntchito yeniyeni yolemba driver, imene a Mwale anafunsa poyamba. Si kulemba zonse, ndi kuwonjezera zimene zikusowa. Ndipo ali ndi marauta asanu ndi atatu ofanana. Anthu ambiri olemba ma driver amavutika kupeza ngakhale bodi imodzi yoyeserapo.

Ndiye bwanji tichite zonse ziwiri? Awiri a pashopu aikidwe swconfig sabata ino monga mwanenera. Imodzi kapena ziwiri zikhale zoyeserapo DSA.

Aphunzitsi_Tembo · Lachiwiri, 13:41

Pamenepo tagwirizana. Mwale, yamba ndi za shopu.

JereMafoni · Lachiwiri, 17:15

Anabwera m'mawa. Tawerenga fulashi ya marauta atatu, iliyonse kawiri, mafayilo akufanana. Ndalemba nambala pansi pa rauta iliyonse ndi penti ya zikhadabo kuti fayilo isasokonezeke ndi ya inzake. Ndawotchereranso mapini pa serial, tsopano manja ake ali omasuka.

Chinanso ndaona ndi galasi langa lokulitsira: kuchokera pa phazi la reset la chip cha nkhanu pali kanjira kopyapyala kodutsa pa resistor imodzi n'kulowera kwa purosesa. Ndinaika mita pamenepo poyatsa rauta. Imatsika kufika pa ziro kamphindi, kenako n'kukwera pa 3.3V. Ndiye kuti pali GPIO (phazi la purosesa) imene imadzutsa switch. Nambala yake tiipeza bwanji?

NaPhiri · Lachiwiri, 18:02

A Jere, maso anu apulumutsa masiku awiri. Njira yosavuta: ali mu initramfs, a Mwale azisintha ma GPIO amene sakugwira ntchito ina, imodziimodzi, inu mita ili pa resistor ija. Ikagwedezeka, mwaipeza. Musakhudze mapini a fulashi ndi a serial. Yang'ananinso zimene pulogalamu yakale imalemba pa serial poyaka, nthawi zina imatchula yokha.

Mwale_Kapata · Lachinayi, 21:36

Pepani ndinasowa. Kumanga OpenWrt koyamba kwanditengera masiku awiri. Malaiti anapita kawiri laputopu ili pakati pa ntchito, ndipo batire yake sikhala ngakhale ola. Mwayi wake make imapitiriza pamene inalekezera. Bandulo nayo inatha pa make download. Amene akufuna kuyamba, musawononge ndalama: foda ya dl, ya zonse zimene ndinatsitsa, ndaikopera pa fulashi ya USB, mubwere mudzatenge pashopu.

Za swconfig zatheka, Aphunzitsi! Ndinatsata .dts ya C5 v4 monga munanenera. Switch yayankha pa adiresi 29 ya MDIO. GPIO ya reset tinaipeza ndi a Jere dzulo madzulo. Tsopano poti 1 ndi 2 zili pa VLAN 10 ya kauntala ndi printa, poti 3 ndi 4 ndi Wi-Fi ya makasitomala zili pa VLAN 20, ndipo firewall ikukana chilichonse chochoka pa 20 kupita pa 10. Ndinamuitana mnyamata uja kuti ayesenso. Anakhala pabenchi lomwe lija, anafufuza, sanapeze kanthu.

Chinthu chimodzi chinandizunguza: manambala olembedwa pa pulasitiki kumbuyo ndi otembenuka. Pamene palembedwa LAN1 ndi poti 4 ya switch. Ndinazindikira pozula kebulo n'kumayang'ana swconfig dev switch1 show.

Aphunzitsi_Tembo · Lachinayi, 21:50

Wagwira ntchito, mwana wanga. Manambala otembenukawo uwalembe bwino, udzawafuna pa ma label a DSA. Tsopano pita kwa Mayi Phiri ndi mtima wokhazikika.

Mwale_Kapata · Loweruka, 15:09

Achemwali a NaPhiri, ndayamba pa rauta nambala 3. Mu make kernel_menuconfig ndayatsa NET_DSA, NET_DSA_REALTEK_MDIO, NET_DSA_REALTEK_RTL8365MB ndi tag yake. Mu .dts ndaika switch pansi pa mdio, compatible ndi "realtek,rtl8365mb", reg 29, ndi reset-gpios. Poyaka ikulemba kuti yapeza RTL8367S, ndipo ip link ikuonetsa lan1 mpaka lan4 ndi wan. Ndinakuwa ndekha m'shopu! Ndikalowetsa kebulo imanena kuti link yakwera pa 1Gbps. Koma ping palibe, ngakhale imodzi. Poti ya CPU ndalemba port@6 monga pa chitsanzo cha mu Documentation.

NaPhiri · Loweruka, 15:44

Mwafika patali. Kuona lan1 kukutanthauza kuti kanjira ka MDIO kali bwino. Tsopano vuto lili pa msewu waukulu.

Chitsanzo chimene munakoperacho ndi cha RTL8365MB-VC, imene RGMII yake ili pa poti 6. Pa RTL8367S poti 6 ndi ya SGMII, ndipo RGMII ili pa poti 7. Onani mu tebulo la ma chip pamwamba pa rtl8365mb.c, zalembedwa momveka. Ndipo taonani .dts ya swconfig imene ikugwira kale pashopu panu, poti ya CPU ndi nambala yanji? Sinthani ikhale port@7, reg 7, phy-mode ya rgmii, ndi fixed-link ya 1000 full-duplex, chifukwa pakati pa ma chip awiriwa palibe PHY yoti ikambirane za liwiro.

Zikapanda kuyenda, kapena zikamayenda modukiza, ndiye nkhani ya delay. Pa RGMII wotchi iyenera kuchedwa pafupifupi 2 ns poyerekeza ndi data, kuti wolandira awerenge pamene magetsi akhazikika. Wina ayenera kuika kuchedwako: purosesa, switch, kapena kutalika kwa tinjira ta pabodi. Onse akaika, zalakwika. Onse akasiya, zalakwikanso. Driver iyi imalandira tx-internal-delay-ps, imene ndi 0 kapena 2000, ndi rx-internal-delay-ps, imene imakwera ndi 300 mpaka 2100. Yambani ndi zimene driver ya swconfig ikugwiritsa ntchito pa bodi yomweyi. Ndipo switch yam'kati mwa MT7620A isakhale ndi VLAN iliyonse, ingodutsitsa zonse.

Mwale_Kapata · Loweruka, 19:27

Ndi 7 ndithu, zinali pamaso panga. Nditasintha ping inayamba, koma mwa khumi zinkabwerera zitatu kapena zinayi, ndipo ethtool -S inkaonetsa ma CRC error akuchuluka. Ndinayesa ma delay mmodzimmodzi, kumanga, TFTP, kuyesa, kulemba m'kope. Ulendo wachisanu ndi chimodzi zinakhazikika. Ping chikwi, palibe yotayika.

Koma tsopano pali chodabwitsa. Ping ikuyenda bwinobwino, koma SSH kudzera pa kebulo ikungoima, LuCI (tsamba loyendetsera rauta) sikutseguka. Pa Wi-Fi zonse zikutseguka.

Sakala_Petauke · Loweruka, 19:40

Si firewall imeneyo? Kwathu zinachitikapo choncho.

Mwale_Kapata · Loweruka, 19:46

Ndinaganizanso choncho a Sakala, ndinaizimitsa yonse. Palibe kusintha.

NaPhiri · Loweruka, 20:31

Ndimayembekezera kuti mufika pamenepa. Lembani ethtool -K eth0 tx off, muyesenso SSH.

Mwale_Kapata · Loweruka, 20:34

Yalowa! Achemwali, chachitika n'chiyani?

NaPhiri · Loweruka, 21:10

Paketi ya TCP kapena UDP imakhala ndi checksum, nambala yotsimikizira kuti sinawonongeke panjira. Pofuna kupeputsa purosesa, kernel imasiyira mbali ya ethernet ya MT7620A kuti iwerengere nambalayo pomaliza. Mbali imeneyo imayang'ana pamalo pamene inazolowera kuti ipeze IP. Koma tsopano pamalopo pakhala chizindikiro cha Realtek, ma byte 8 oyamba ndi 0x8899, chimene MediaTek sachidziwa. Ndiye imaona ngati si paketi ya IP, n'kuitulutsa osalemba checksum. Laputopu yanu ikailandira imaitaya. Ping inkadutsa chifukwa checksum ya ICMP kernel imawerengera yokha.

Lamulo lija langouza kernel kuti iziwerengera yokha zonse. Koma pali njira ina imene anthu anaikonzera ma bodi ngati anu: driver yomweyi imatha kuika chizindikiro kumchira kwa paketi m'malo mwa kumutu. Dzina lake ndi rtl8_4t. Pa poti ya CPU mu .dts onjezani dsa-tag-protocol = "rtl8_4t". Pamenepo mutu wa paketi umaoneka wamba kwa aliyense amene ali panjira, kuphatikizapo switch yam'kati ija, ndipo code ya tag imamaliza checksum isanamate chizindikiro. Mukafuna kuona imene ikugwira ntchito, werengani /sys/class/net/eth0/dsa/tagging. Muyesenso ping ya paketi yodzaza, ping -s 1472 ndi -M do kuchokera pa laputopu, chifukwa ma byte 8 aja amafuna malo pamwamba pa 1500.

Aphunzitsi_Tembo · Lamulungu, 14:02

Ndawerenga zonse nditachoka ku tchalitchi. Za checksum sindinkazidziwa, zikomo Mayi. Kuona maso a nkhono n'kudekha ndithu.

Mwale, chita chinthu chimodzi kuti tonse tione ndi maso. Laputopu ziwiri, ina pa lan1 ina pa lan2, iperf3 yoyezera liwiro pakati pawo, ndipo pa serial uyatse top yoonetsa ntchito ya purosesa. Uchite pa rauta ya swconfig, kenako pa ya DSA.

Mwale_Kapata · Lamulungu, 17:55

Ndachita, Aphunzitsi, ndinabwereka laputopu ya a Jere. Pa ya swconfig liwiro likufika pafupi ndi gigabit yonse ndipo purosesa ili phee, ngati palibe chikuchitika. Pa ya DSA liwiro latsika kwambiri, top ikuonetsa sirq yadya pafupifupi zonse, ndipo ndikalemba pa serial zilembo zikubwera mochedwa. Munanena zoona.

Koma ndinene chilungamo, ya DSA yandikoka mtima. Kulemba tcpdump -i lan3 n'kuona za poti imeneyo yokha, sindinaziganizirepo kuti zingatheke pa rauta yotayidwa. Achemwali, port_bridge_join imeneyi, munthu ngati ine angaiyambe?

NaPhiri · Lamulungu, 20:18

Angaiyambe, koma osathamanga, ndipo choyamba si kulemba. Choyamba tione kernel yatsopano kwambiri, ya net-next, ngati wina sanayambe kale kapena kumaliza ntchitoyi. Ngati alipo, chimene amasowa kwambiri ndi munthu woyesa pa bodi yeniyeni n'kunena zimene wapeza, ndipo mzere wa Tested-by umalemekezedwa. Inu muli ndi bodi, serial, ndi kope lanu lija.

Kuti mumvetse ntchitoyo, werengani rtl8366rb.c mu foda yomweyo, ndi ya chip chakale cha Realtek ndipo ili nazo ntchito zimenezi. Muona kuti maziko ake ndi osavuta. Poti iliyonse ili ndi register yonena mapoti amene ikuloledwa kutumizako. Panopa iliyonse ikuloledwa kupita ku CPU kokha. Poti ikalowa mu bridge, mumaiwonjezera anzake a mu bridge yomweyo, ikatuluka mumawachotsa. Chovuta chili pa zotsatira zake: switch iyenera kuphunzira ma MAC address ndi kuwaiwala pa nthawi yake, mapaketi a broadcast asafike kawiri, ndipo foni ikachoka pa Wi-Fi ya rauta ina ya pa lan2 n'kubwera pa Wi-Fi ya rauta ino, switch isapitirize kutumiza mapaketi ake ku lan2. Kenako VLAN, imene ili ndi tebulo lakelake m'kati mwa chip. Cholakwika chimodzi pamenepo, makasitomala anu aonanso foda ija. N'chifukwa chake za pashopu zikhale pa swconfig mpaka titayesa mokwanira.

Chenjezo limodzi lofunika: code ya opanga imene mungaipeze pa intaneti musangoikopera. Onani laisensi yake kaye. Mu kernel mumalowa zogwirizana ndi GPL zokha, ndipo patch iliyonse imafuna mzere wa Signed-off-by wokhala ndi dzina lanu, kutsimikiza kuti muli ndi ufulu woipereka. Musanatumize mumayendetsa scripts/checkpatch.pl. Oyang'anira DSA, monga Andrew Lunn ndi Vladimir Oltean, amawerenga mzere uliwonse, ndipo kubwezeredwa kangapo kuti mukonze ndi mmene ntchitoyi imayendera kwa aliyense.

Koma pali chimene mungatumize sabata ino: .dts ya swconfig ija, ku OpenWrt, kuti rautayi ilowe pa mndandanda. Ofesi ija sinali yokha yogula mtundu umenewu. Ena ali m'makabati ku Ndola, ku Lilongwe, ndi kwina.

Mbewe_Mchinji · Lolemba, 08:12

Moni a kutsidya. Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ndatsegula rauta imene ili pa sukulu yathu ya sekondale, dzina lake ndi lina koma m'kati muli MT7620A ndi nkhanu yomweyo, RTL8367S. A Mwale, mungandigawireko .dts yanu? Ndimadutsa pa Mwami pafupifupi sabata iliyonse, ndikhoza kufika pa Kapata.

Mwale_Kapata · Lolemba, 08:40

Bwerani a Mbewe, mudzatengenso foda ya dl. Koma mubwere nayo rautayo tidutse nayo kwa a Jere kaye, tikopere fulashi. GPIO ya reset ndi ma delay zikhoza kusiyana ndi zanga ngakhale ma chip ali ofanana.

Achemwali, ndayesa kulemba uthenga wa commit. Ndaikamo ma chip onse, kukula kwa fulashi ndi RAM, malo a mapini a serial ndi liwiro lake, kumene MAC address ili mu factory, ndi njira yoikira kudzera pa TFTP. Chingerezi changa mundikonzere. Ndipo rauta nambala 5 ndi yanu, kuti tiziyesa tonse awiri.

JereMafoni · Lolemba, 16:26

Nambala 5 ndaiwotcherera mapini, ndaboola kabowo pambali kuti mawaya atatu atulukire kunja osatsegula chivundikiro, ndipo ndamata kapepala kosonyeza GND, TX, RX. Fayilo ya fulashi yake ili pa kamemori kadi m'katoni momwemo, pamodzi ndi adaputa ya 12V.

NaPhiri · Lolemba, 18:05

Zikomo a Jere, zikomo a Mwale. Commit ndaiona, ndakonza mizere iwiri yokha, koma mwaiwala kulemba kuti manambala a mapoti ndi otembenuka. Onjezani zimenezo. Katoni muipereke ku basi ya m'mamawa Lachitatu, mundilembere nambala ya kondakitala ku inbox, ndikailandira pa siteshoni ya Intercity ku Lusaka ndikaweruka. A Mbewe, mukafika kwa a Jere mujambule bodi yanu mbali zonse ziwiri, makamaka tinjira ta pakati pa ma chip awiriwo, ndikufuna kuona ngati RGMII yanu ikulowera malo amodzi ndi ya a Mwale.